Zikomo, Inu Mbewa za Chigamba Choyera

Okondedwa mbewa za m'malabotale,

Zikomo. Ndikulemba ndili ku Nkopola, m'mbali mwa nyanja, kumpoto pang'ono kwa boma la Mangochi, kumene palibe mmodzi wa inu anapondako phazi. Ndine mphunzitsi wopuma wa sayansi ya zamoyo, ndipo achemwali anga akuyenda lero ndi impso imene sanabadwe nayo. Madokotala tinawathokoza kale maso ndi maso. Mng'ono wathu amene anapereka impsoyo tinamuphera mbuzi. Mwatsala ndinu, pamene ngongole yanu ndiyo yakalekale kuposa zonse.

Ndiyambe ndi inu asanu a ku London. Amayi anu anali mbewa yabulauni ya mtundu umene asayansi amautchula CBA, ndipo ankakhala m'labotale ya University College London. Mimba ya mbewa imatha milungu itatu yokha. Yawo itafika masiku 15 kapena 16, a Rupert Billingham, a Leslie Brent ndi a Peter Medawar anawagoneka ndi mankhwala, nakubayani jakisoni inu mukadali m'chiberekero. M'jakisonimo munali maselo otengedwa ku kapamba, impso ndi ziwalo zina za mbewa yoyera ya mtundu wina, wotchedwa A. Munabayidwa asanu ndi mmodzi, munabadwa asanu. Wachisanu ndi chimodziyo nayenso alandire zikomo wanga, ngakhale dzuwa sanalione.

Zikomo chifukwa cha zimene munaonetsa mutakwana milungu 8. Aliyense wa inu anamuika kachigamba ka khungu la mbewa zoyera zija. Mbewa wamba ya CBA imakana khungu lotere milungu iwiri isanathe: kachigambako kamatupa, kamada, kamasanduka nkhanambo n'kugwa. Awiri a inu munachita zomwezo, ndipo sindikukuimbani mlandu, munatsata mwambo wa makolo. Mmodzi munapirira kwa miyezi, kenaka n'kukataya pang'onopang'ono. Koma awiri munangokhala phee. Khungu linagwira, magazi analowamo, ndipo pa thupi labulauni panamera ubweya woyera mbee. Mmodzi wa inu atamuikanso chigamba chachiwiri, anachilandira. Pa 3 Okutobala 1953 nkhani yanu inatuluka m'magazini ya Nature, ndipo chithunzi cha mbewa ya chigamba choyera chikadali m'mabuku a ophunzira udokotala mpaka lero.

Ndikuthokozani kwambiri chifukwa simunalandire aliyense. Apa m'pamene panagona nkhani. Mukadakhala kuti jakisoni uja anangokufooketsani chitetezo cha m'thupi, bwenzi mukulandira khungu la mbewa ina iliyonse, ndiponso bwenzi matenda akukugwetsani. Koma anzanu okonzedwa mwanjira yomweyo ataikidwa khungu la mtundu wachitatu, analikana msanga monga mwa masiku onse. Asilikali a m'thupi mwanu anali maso, mikondo ili m'manja. Anangophunzira kuti mlendo mmodzi uyu ndi wa pakhomo pano. Galu amene wakula akuona munthu pabwalo kuyambira ali kamwana samuuwa, ngakhale munthuyo asakhale wa m'banjamo. Koma pakadutsa wina usiku, mudzi wonse umadzuka. Mpaka nthawi imeneyo ambiri ankayesa kuti thupi limabadwa likudziwiratu chake ndi cha eni. Inu munaonetsa kuti limachita kuphunzira, ndipo lingathe kuphunzitsidwa.

Pepani, komanso zikomo, inu awiri aja, chifukwa chigamba chimene munachisunga bwino chonchija anakulandani dala. Anatenga tiziwalo tija timatupa mwanabere, kuchokera kwa abale anu a CBA amene anali atakumanapo kale ndi maselo a mbewa zoyera n'kudana nawo, naika m'thupi mwanu. Ubweya woyera uja unathothoka, khungu linafa. Asayansi ankafuna kudziwa ngati chimene chinasintha chinali chigamba kapena mwini thupi. Yankho linali lakuti chigamba chinali chachilendo monga kale. Amene munasintha ndinu.

Ndimakumbukira mmene ndinkafotokozera ana a Folomu 4 chiyambi cha nkhaniyi, chifukwa sichinali m'khola la mbewa. Chinali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene oyendetsa ndege za nkhondo ndi anthu wamba ankapsa thupi lonse, khungu lawo lotsala losakwana kuphimba mabala. A Medawar, amene anabadwira ku Brazil mu 1915, anakagwira ntchito ndi dokotala Tom Gibson pa chipatala cha Glasgow Royal Infirmary. Kumeneko kunali mayi wina wopsa kwambiri amene anamuika tizigamba ta khungu la mlongo wake. Toyamba tinakhalako masiku tisanafe. Tachiwiri, tochokera kwa mlongo yemweyo, tinafa msanga. Thupi linali litasunga nkhope. Zimenezi anazilemba mu 1943, ndipo akalulu ambiri anadulidwa khungu pambuyo pake kuti atsimikize. Mukawaona akaluluwo kumene mumakumana, muwapatse moni wanga.

Mundiperekerenso zikomo kwa ng'ombe, chifukwa zinakutsegulirani njira. Mu 1945 a Ray Owen a ku Wisconsin anapeza kuti mathole amapasa, ngakhale osafanana, popeza amagawana mitsempha ya magazi ali m'mimba, amakula aliyense ali ndi magazi a mnzake m'thupi popanda vuto. Mu 1949 a Macfarlane Burnet ndi a Frank Fenner ku Australia analosera kuti chimene thupi lakumana nacho lisanakhwime lidzachiyesa chake. A Medawar nkhani ya a Owen sankaidziwa. Katswiri wina wa ziweto, a Hugh Donald, atawafunsa njira yosiyanitsira mapasa a dzira limodzi ndi a mazira awiri, iwo anayankha modzidalira kuti n'zophweka: ingosinthanitsani khungu, osafanana akanana. Anapita kukhola, nasinthanitsa, ndipo mathole ambiri analandirana, ngakhale lamphongo ndi lalikazi. Munthu wina akadabisa manyazi n'kusiya pomwepo. Iwo anabwerera ku labotale n'kufunsa ngati zimene chilengedwe chimachita m'mimba mwa ng'ombe zingachitidwe ndi jakisoni m'mimba mwa mbewa.

Zikomo chifukwa munakhala phee m'manja mwa a Leslie Brent. Iwo anali wamng'ono pa atatuwo, wophunzira chabe. Anabadwira ku Köslin, ku Germany ya nthawiyo, mu 1925, dzina lawo lili Lothar Baruch. Anafika ku England mu 1938 pa gulu la ana achiyuda othawitsidwa kwa a Nazi, ndipo makolo awo ndi mlongo wawo amene anatsala anaphedwa. Mphoto ya Nobel ya 1960 inapita kwa a Burnet ndi a Medawar okha, koma a Medawar anagawana ndalama zawo ndi a Billingham ndi a Brent. Inu simunalandireko kanthu, kupatula chakudya cha tsikulo.

Ndagwira mwendo kwa makolo anu onse amene anakwatitsidwa pachibale, mlongo ndi mlongo wake, mibadwo 20 ndi kupitirira, mpaka ana onse a mtundu umodzi anafanana magazi kotheratu. Kwathu kuno zimenezo n'zotcheretsa mlandu kwa amfumu, koma inu simunasankhe. A Clarence Little anayamba ntchitoyi mu 1909. Popanda mitundu yoyeretsedwa choncho, palibe akadadziwa chimene thupi limayang'ana likamakana khungu. A Peter Gorer ku London ndi a George Snell ku Jackson Laboratory, ku Maine, anafufuza mwa inu mpaka anapeza zizindikiro zimene maselo amanyamula pamwamba pawo, zotchedwa H-2. Za anthu amazitcha HLA. Tsiku limene a m'banja mwathu tinatambasula mikono kuti atitenge magazi, ankafunafuna zizindikiro zomwezo. Munthu amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo mwayi woti ana awiri a mimba imodzi afanane kotheratu ndi umodzi pa inayi. Mng'ono wathu anafanana ndi achemwali theka. Madokotala anati zikwana.

Sindinaiwale za moto wa mu Okutobala 1947, umene unatentha Jackson Laboratory ndi kupha mbewa pafupifupi 90,000. Asayansi amene anagulako mbewa kumeneko m'mbuyomo anabweza zazimuna ndi zazikazi kuti mitundu isathe, ndipo a Snell anayambiranso ntchito yawo pa phulusa. Maliro amenewo sitinakhuze. Landirani chipepeso mochedwa.

Zikomo chifukwa cha msewu umene achemwali anasiya kuyenda. Impso zawo zinaonongeka ndi BP imene inadziwika mochedwa. Anayamba kutupa miyendo ndi nkhope, chakudya chikukana, mpweya ukuchepa. Kwa ife a kuno, makina osefa magazi a boma ali ku Queens, ku Blantyre, makilomita oposa 200 kuchokera pakhomo pathu: Mangochi, Liwonde, Zomba, mpaka m'tauni. Munthu wofunika kulumikizidwa ku makina sabata ndi sabata sangakhale ku Nkopola, ndiye anasamukira kwa achibale, kusiya munda, kusiya geni yawo ya usipa, kusiya zidzukulu. Madzi akumwa ankachita kuwayezera m'kapu, munthu wobadwira pa nyanja. Opaleshoni yoika impso inakachitikira ku India, monga zimakhalira ndi Amalawi ambiri amene mwayiwu umawagwera. Panopa ali pakhomo, ndipo akukalipira ana ndi mawu awo akale.

Ndikuthokozani chifukwa munalimbitsa mtima madokotala pamene anzawo ankawaseka. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, a Joseph Murray anaika mwa Richard Herrick impso yochokera kwa Ronald, mapasa ofanana, ndipo inagwira. Koma mapasa ofanana ndi angati? Funso lenileni linali la ife ena tonse, ndipo akatswiri ambiri ankati khoma la pakati pa munthu ndi mnzake silingagumulidwe. Inu munali mutadutsa kale pakhomapo. Njira yanu sikanatheka pa anthu, pakuti palibe amadziwa mwana ali m'mimba kuti adzafuna impso ya yani akadzakula. Chimene munapereka ndi umboni wakuti n'zotheka. Umboniwo ndi umene unasunga anthu m'malabotale mpaka anapeza azathioprine, mankhwala a Gertrude Elion ndi George Hitchings, kenaka cyclosporin, amene a Roy Calne anayamba kupatsa odwala ku Cambridge mu 1978.

Zikomo ndithu, koma ndinene mwaulemu kuti lonjezo lanu silinakwane. Munatisonyeza thupi lolandira mlendo mmodzi n'kumalondera ena onse. Chimene achemwali ali nacho n'china. Amamwa tacrolimus ndi mycophenolate m'mawa ndi madzulo, pa ola lake, ndi prednisolone pamwamba, moyo wawo wonse. Mankhwalawa saphunzitsa asilikali. Amangowagonetsa onse pamodzi, olondera impso ndi olondera chifuwa chachikulu omwe. Kutentha thupi pang'ono, timathamangira kuchipatala. M'nyanja, mmene anasambira kuyambira ali mwana, anasiya kulowamo poopa likodzo. Pamaliro amakhala chakumbali, kutali ndi otsokomola. Mankhwalawo ndi okwera mtengo, ndipo botolo likayamba kupepuka banja lonse limasowa tulo. Vutoli ndi lakale. A Louis Washkansky, amene a Christiaan Barnard anawaika mtima wa munthu wina ku chipatala cha Groote Schuur pa 3 Disembala 1967, anakhala masiku 18. Mtimawo unkagunda bwino. Chinawapha ndi chibayo, chitetezo chitagonetsedwa.

Ndakukhululukirani, chifukwa ndadziwa pamene panasiyana. Inu mumabadwira m'mabokosi oyera, mpweya wosefedwa, madzi opanda tizilombo, utuchi wowiritsidwa. Ambiri mumafa osadwalapo ngakhale chimfine. Asilikali anu ndi anamwali, savuta kulangiza. Tsono taganizirani thupi la mayi wa ku Nkopola. Malungo analowamo chaka ndi chaka kuyambira ali kumsana. Likodzo, chikuku, njoka za m'mimba, katemera wa BCG paphewa, mimba zingapo, mwinanso magazi oonjezera kuchipatala. Nkhondo iliyonse imasiya maselo okumbukira, ndipo ena mwa iwo akaona impso yachilendo amaifanizira ndi mdani wakale n'kuilumphira. Asayansi anazitsimikiza mwa inu nomwe: atakudwalitsani mavairasi angapo motsatizana, njira zimene zinkakuphunzitsani kulandira chigamba zinasiya kugwira. Simunatinamize. Munangokula mosamalidwa kuposa ife.

Zikomo inu ana ofooka, amene simunakule. Asayansi aja ataphunzira kubaya mbewa zongobadwa kumene m'kamtsempha ka kumaso, anaona kuti pa mitundu ina tiana tinkanyentchera, kutsekula m'mimba, ubweya kunyankhalala, n'kufa. A Billingham ndi a Brent anazindikira kuti maselo a mlendo aja anali ndi asilikali awoawo, amene anatembenukira mwini nyumba. Dokotala aliyense amene lero amaika mafuta a m'mafupa mwa wodwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell amalondera matenda amenewa, ndipo anawadziwira pa imfa zanu.

Ndikumbukirenso inu awiri a ku New York amene munachititsidwa manyazi. Mu Malichi 1974, pa Sloan-Kettering, a William Summerlin ankanena kuti khungu likasungidwa kaye m'mbale ya labotale thupi sililikana. Anzawo ankayesa, osatheka. Pofuna kukhutiritsa abwana awo, anatenga cholembera chakuda n'kudetsa zigamba za pa mbewa ziwiri zoyera. Wosamalira ziweto anaona kuti mtunduwo ukukayikitsa, napukuta ndi spiriti, inki n'kuchoka. Ndimakonda nkhaniyi chifukwa bodza la dokotala linagwidwa ndi munthu wosintha utuchi, amene ankakudziwani msana uliwonse. Inu munalibe mlandu. Munangonyamula zimene anakulembani.

Zikomo inu a ku Cambridge ndi Oxford, amene munaonetsa kuti wamkulu naye amaphunzira. A Herman Waldmann, a Stephen Cobbold ndi anzawo anakupatsani, muli akuluakulu kale, mankhwala otseka kwa kanthawi zizindikiro za CD4 ndi CD8 pa maselo anu. Dzina la CD4 kuno silachilendo. Aliyense amene anaperekezapo m'bale ku ma ARV analimva. Mankhwalawo atatha m'thupi, chigamba chinakhalabe. Chodabwitsa chinatuluka mu 1993. Atakuthirani asilikali atsopano, osaphunzitsidwa, akale aja anawaletsa kumenya. Atakhala pamodzi milungu iwiri, atsopanowo anatengera khalidwelo, nayamba kuletsanso ena obwera pambuyo pawo. Kulolera kunkapatsirana. Ndiye kuti m'thupi simuli omenya okhaokha. Mulinso oleretsa, ndipo mtendere wa chigamba umachita kusungidwa tsiku ndi tsiku.

Ndaombera m'manja kwa inu a mtundu wa scurfy. Munaoneka koyamba mu 1949 ku Oak Ridge, ku Tennessee: ana aamuna a khungu la mamba, kapamba wotupa, omwalira pa milungu yochepa. Anakusungani mibadwomibadwo kwa zaka zoposa 50 asakudziwa chimene chinkakudyani. Mu 1995 a Shimon Sakaguchi a ku Japan anapatula maselo oleretsa aja pakati pa anzawo a CD4, naonetsa kuti mbewa yopanda maselowa imadzimenya yokha. Mu 2001 a Mary Brunkow ndi a Fred Ramsdell anapeza jini imene inaonongeka mwa inu, naitcha Foxp3, ndipo zinadziwika kuti ana ena a anthu amafa ndi vuto la jini yomweyo. Patapita zaka ziwiri zinaoneka kuti jiniyi ndiyo imapanga oleretsawo. Atatuwa analandira Nobel mu 2025. Kachiwirinso, anthu ku Stockholm, inu m'bokosi.

Zikomo chifukwa munandithandiza kumvetsa nkhani ya kwathu komwe kuno. Chaka chomwe chija cha 1953, a Medawar anafunsa funso limene azamba sanalifunsepo chifukwa yankho lake amaliona tsiku lililonse: mwana m'mimba theka lake ndi la bambo, munthu wa magazi ena, nanga bwanji thupi la mayi silimukana miyezi 9 yonse? Mu 2004 ku Cambridge anachotsa maselo oleretsa mwa mbewa zapakati, ndipo mimba za bambo wa mtundu wina zinapita padera. Koma pamene thupi latsitsa mikondo, mdani amapezerapo mpata. Kachilombo ka malungo kamakonda kukamamatira mu nsengwa, makamaka pa mimba yoyamba. Kuyambira 1987 mpaka 1990, amayi oyembekezera masauzande a m'boma lino analowa m'kafukufuku wa Mangochi Malaria Research Project, amene anaonetsa mmene malungo a mu nsengwa amachepetsera sikelo ya mwana pobadwa, ndi mmene chloroquine analekera kuteteza. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kukhazikitsa zoti mayi aliyense woyembekezera azimwa Fansidar kusikelo. Ndipo kafukufuku wa ku gombe la Kenya, wotuluka mu 2009, anapeza kuti ana ena amene anakumana ndi malungo ali m'mimba amabadwa thupi litawazolowera, ndipo amawadwala kawirikawiri kuposa anzawo. Phunziro lanu la ku London, udzudzu unalidziwa kale.

Zikomo chifukwa cha nkhani ya bere. Mayi ali ndi zizindikiro zina zimene mwana sanatengere, koma mwanayo anakumana nazo m'mimba ndi mumkaka. Mu 1998 a William Burlingham a ku Wisconsin ndi anzawo anaunika odwala 205 amene analandira impso kwa abale ofanana nawo theka. Pamene theka losiyanalo linali lochokera kwa mayi, impso 77 pa 100 zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka 10. Pamene linali lochokera kwa bambo, zinali 49. Atabwerera kwa inu kuti amvetse, anapeza kuti mwana wa mbewa amalandira bwino mtima wonyamula zizindikiro za mayi ake ngati anakhala m'mimba mwawo ndiponso anayamwa. Chimodzi chokha sichinkakwana. Malemu amayi athu, amene ankathetsa mkangano uliwonse wa ana awo potikumbutsa kuti tinayamwa bere limodzi, akadamva izi akadafunsa kuti ndalama zonsezo anaonongeranji.

Ndikuthokozani chifukwa simunaleke, ndipo lonjezo lija layamba kuoneka mutu. Ku Stanford, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, a Shimon Slavin ndi a Samuel Strober anakuwalitsani ndi cheza pa tiziwalo ta chitetezo tokha, nakupatsani mafuta a m'mafupa a mbewa ina, ndipo munalandira khungu lake. Ku Johannesburg a Johannes Myburgh a pa yunivesite ya Witwatersrand anatengera njirayi kwa anyani, abale a omwe amatithyolera chimanga m'mphepete mwa phiri kuno, nawaika impso ndi ziwindi, ndipo pambuyo pake anaiyesa pa odwala. Ku America a David Sachs ndi a Megan Sykes anatha zaka akukonza mwa inu njira yoti magazi a wopereka ndi a wolandira akhalire limodzi m'thupi, monga mwa mathole a a Owen aja. Mu 2008 chipatala cha Massachusetts General chinalengeza za odwala asanu amene analandira impso pamodzi ndi mafuta a m'mafupa kuchokera kwa achibale ofanana nawo theka. Anayi anasiyiratu mankhwala ogonetsa chitetezo, impso zikugwira. Wachisanu impso inakanidwa. Njirayi ndi yowawa, yoopsa ndi yodula, ndipo achemwali pa msinkhu wawo sidzawapeza. Koma ine amene ndimaona nkhope yawo pamene alamu ya foni yalira madzulo, anthu anayi amenewo ndimawawerenga ngati abale.

Zikomo, ngakhale sanakupempheni. Apa sindifuna kukometsa. Mng'ono wathu anamufunsa kangapo, payekha, chitseko chotseka, ngati akuperekadi impso mwa kufuna kwake, ndipo anasaina. Inu munagwidwa mchira, munametedwa, munadulidwa, munakulungidwa bandeji, ndipo kafukufuku akatha ambiri munaphedwa kuti aone za m'kati. Pa zaka zoyambazo mankhwala opha ululu pambuyo pa opaleshoni sanali mwambo. Mu 1959 a William Russell ndi a Rex Burch analemba mfundo zitatu zimene malabotale abwino amatsata lero: pamene pali njira ina, nyama isagwiritsidwe ntchito; pamene palibe, zichepe; ndipo zochepazo zisazunzike. Komiti imene inkayang'anira ntchito yawo wapampando wake anali a Medawar omwe aja. Ku Novosibirsk, ku Russia, anakuimikirani chipilala mu 2013, mbewa yovala magalasi ikuluka DNA. N'chokongola, koma ndikadakonda chikadakhala cha mbewa wamba, ya bandeji pachifuwa.

Pomaliza, zikomo pasadakhale chifukwa cha kumvetsa kwanu pa nkhani iyi. Madokotala anatilangiza kuti m'nyumba ya munthu wa chitetezo chogonetsedwa musamayende makoswe kapena mbewa, chifukwa mkodzo ndi zitosi zawo zimanyamula matenda. Choncho achemwali aweta mphaka, ndipo ine ndatchera misampha kuseri kwa matumba a chimanga. Abale anu a kutchire sindingawalonjeze zambiri. Anansi anga ambiri kuno ndi Asilamu ndipo sawakhudza n'komwe, koma anyamata a m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe akadzakweza mipani m'chilimwe, pa minibasi sipadzasowa wotulutsa dzanja pawindo. Ngati muli ndi njira yotumizira uthenga, auzeni a m'nyumba aja asamukire kwa aneba mwezi uno usanathe, chifukwa mphakayo ali ndi ana.

Ine wanu wothokoza,

Mphunzitsi wopuma,
Nkopola, Mangochi